Masabata awiri m'dambo ndi gulu la kafukufuku

Nditamva kuti asayansi ena akufuna anthu odzipereka okawathandiza kafukufuku m'dambo nthawi ya tchuthi, ndinalemba kalata usiku womwewo. Ndaphunzitsa sayansi zaka zambiri, koma dambo ndinkangolijambula pa bolodi: mabango apa, chule apa, kakowa m'mwamba. Pafomu anafunsa ngati ndimatha kusambira, ngati ndingayende m'matope maola angapo, komanso zimene ndidzachite ndikabwerera m'kalasi. Funso lomalizali musaliyankhe mothamanga. Pambuyo pake anandiuza kuti ndi limene analiwerenga mofatsa.

Tsiku loyamba sitinaponde madzi. Tinaphunzira kudzaza mapepala, kukonza zipangizo zoyezera, ndi malamulo a chitetezo: osalowa wekha, kutsogoza ndodo usanaponde, kuvala majombo aatali chifukwa cha misundu ndi likodzo. Mayi amene ankatsogolera gululo anatiuzanso za pangano la mayiko loteteza madambo, lotchedwa Ramsar, lomwe linasainidwa ku Iran pa 2 February 1971. Ndinadabwa kumva kuti m'gulu la madambo panganoli limawerengeramo mitsinje, nyanja, ngakhale madzi a m'mbali mwa nyanja yamchere osapitirira mamita 6 kuya madzi akaphwa. Ine ana ndinkawauza za mabango okha.

Ntchito yeniyeni inayamba ndi chingwe. Timachikoka mamita 50 kuchokera pouma mpaka m'madzi, ndipo pa mamita 5 aliwonse timayala kachimango ka mita imodzi mbali zonse zinayi. Zomera zonse zili m'katimo timazilemba, ndi kukula kwa malo omwe mtundu uliwonse waphimba. Ulendo wina kachimango kanga kanagwera pamatope okhaokha, pomwe chapafupi panali gumbwa wobiriwira bwino. Ndinayamba kukasendeza pang'ono. "Aphunzitsi, musakasunthe," anatero mayi aja. "Ngati mulibe kanthu, lembani ziro." Anandionetsa kuti mpata wosalembedwa umatanthauza kuti munthu sanayang'ane, pomwe ziro akutanthauza kuti anayang'ana ndipo sanapeze. Mawu amenewa anandilowa mumtima, chifukwa m'kalasi ndinazolowera kutsogolera ana ku yankho limene ndikulidziwa kale.

Madzi timawayeza kawiri, m'bandakucha ndi masana. Okosijeni amakhala wochepa kwambiri kukamacha, popeza usiku wonse zamoyo zakhala zikupuma pomwe ndere ndi zomera za m'madzi sizikupanga wina. Dzuwa likakwera, manambala pachipangizo amakweranso. Choncho nthawi imene wayeza uyenera kuilemba, apo ayi nambalayo ilibe ntchito.

Chimene chinanditenga mtima ndi ukonde. Umaukokera m'mizu ya mabango kwa mphindi zimene mwagwirizana, n'kukhuthulira m'beseni loyera lokhala ndi madzi pang'ono, kenako n'kudikira. Poyamba umangoona zinyalala. Matope akadikha, zinyalala zija zimayamba kuyenda. Ndinaona kamwana ka tombolombo, kofiirira ngati tsamba louma, kakuponya mlomo wake wam'munsi kutsogolo n'kugwira kachirombo, maso anga asanaphethire. Munalinso tinyongolotsi tofiira ngati magazi. Kufiirako n'chifukwa cha himogulobini, yomwe imathandiza tinyongolotsiti kukhala m'matope momwe okosijeni ndi wochepa. Mukapeza ito tokha tili mbwee, mitundu ina kulibe, madziwo akukuuzani kanthu. Ndinagwada pabeseni lija mpaka mawondo kuchita dzanzi, osafuna kudzuka.

Dothi nalo timalikumba ndi chitsulo chozungulira. Likakhala lotuwa, la madontho a dzimbiri, ndiye kuti madzi amakhalitsa pamenepo, ngakhale mwapeza pamwamba pali gwa. Malo ena limanunkha ngati dzira lovunda.

Tsiku lachinayi ndinalakwitsa. Tizirombo tosungidwa timatiika m'kabotolo ka sipiriti, ndipo kapepala kosonyeza malo ndi tsiku kamalowa m'kati momwemo. Ine ndinalemba ndi bolopeni. Pofika madzulo inki yonse inali itasungunuka, ndipo mabotolo awiri sanadziwikenso kuti achokera pati. Ntchito ya m'mawa wonse ya anthu atatu inapita pachabe. Zinandipweteka kwambiri. Ndinapepesa, ndipo mawa lake ndinalawirira ndi mnzanga mmodzi kukatenganso zina. Pensulo siisungunuka m'sipiriti. Yendani nazo ziwiri m'thumba.

Madzulo aliwonse tinkakhala awiriawiri, wina akuwerenga papepala, wina akulowetsa m'kompyuta, kenako n'kusinthana kuti tione ngati zikugwirizana. Majombo ndi maukonde tinkatsuka n'kuyanika tisanapite dambo lina, kuopa kusamutsa njere za zomera zowononga kapena matenda a achule.

Sukulu itatsegulidwa ndinamanga tizimango tinayi ndi timitengo, ndinagula beseni loyera, n'kupita ndi ana pamalo ena olowa madzi. Mtsikana wina anayang'ana m'kachimango kake kwa nthawi yaitali, kenako anakweza dzanja. "Aphunzitsi, muno mulibe kanthu. Ndilembe chiyani?" Ndinamupatsa pensulo.