Cecil tonse tikumudziwa, nanga wopondedwa ndi njovu dzina lake ndani?

Mu July 2015 dokotala wa mano wa ku America, Walter Palmer, anapha mkango pafupi ndi paki ya Hwange kuno ku Zimbabwe, anaulasa ndi muvi kenako n'kudzaumaliza patapita maola. Mkangowo unali ndi dzina, Cecil, zaka 13, komanso lamba wa GPS m'khosi yemwe anauveka ndi ochita kafukufuku a ku Oxford. Abale inu dziko linagwedezeka. CNN, BBC, Sky, kulikonse Cecil Cecil, Jimmy Kimmel mpaka misozi kulengeza pa pulogalamu yake, chithunzi cha mkangowo anachiwalitsa pa Empire State Building ku New York, ndege ngati Delta n'kulengeza kuti sizinyamulanso mitu ya mikango ya alenje. Kuno ku Harare mu kombi anthu amangofunsana kuti Cecil ameneyo ndi ndani, nduna kapena? Ambirife tinamumvera koyamba atafa kale.

Chaka chomwecho pa 9 March, Itai Dzamara, mtolankhani uja amakhala pansi mu Africa Unity Square kuuza a Mugabe kuti atule pansi udindo, anatengedwa ndi anthu asanu akumetetsa pa babashopu ku Glen View. Mpaka lero sanaonekenso. Akunja anaitchula nkhaniyo inde, sindikana, koma muyerekeze ndi phokoso la mkango lija mundiuze. Ine sindidana ndi mikango ayi, zomwe anachita mzungu uja zinali zonyansa basi, chomwe chimandivuta ndi choti amene wagwira kamera ndi amene amasankha woti timulire, ifeyo timangotsatira.

Kunyumba kuno ku Mabvuku tili ndi ankolo, achimwene awo a mayi, amene nyuzi za 8 koloko pa ZBC, TV ya boma, sazilumpha olo azizitukwana kuyambira poyamba mpaka pa zanyengo, zikatha amatembenuzira ku Nat Geo Wild, magetsi akakhalapo ndikutanthauza. Tsiku lina akuonetsa njovu zikumwa madzi dzuwa likulowa, kanyimbo kozizira pansipansi, wofotokoza akunena kuti mayi wa gululi amakumbukira njira yomwe anadutsa agogo ake, ankolo anangoti "koma iwe, dziko limeneli mulibe anthu? Munda ndi umodzi womwe sindinauone." Ndipo ndi zoona. Mukhoza kuonera tchanelo imeneyo mwezi wathunthu osaona nkhokwe, osaona mwana akupita kusukulu m'mawa kudutsa m'tchire, munthu wakuda akaoneka ndiye kuti ndi dalaivala wa Land Cruiser kapena renja kapena wopha nyama mozemba ataphimbidwa nkhope. Pamene ku Tsholotsho, ku Binga, ku Mbire anthu amagona m'minda kulondera mapira, ku Kariba ng'ona zimagwira asodzi ndi azimayi ochapa chaka ndi chaka. Ameneyo akafa nyuzi yake ndi mzere umodzi, munthu wina wa m'mudzi waphedwa ndi njovu, basi tipite ku zamasewero.

A ZimParks, bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire, amanena kuti dziko lino lili ndi njovu pafupifupi 100,000 pamene malo ake ndi okwana theka la zimenezo, ena amatsutsa mawerengedwewo, chabwino. Mu 2024 chilala cha El Niño chitavuta boma linati lipha njovu 200 nyamayo igawidwe kwa anthu anjala. Matchanelo akunja anathamangira pomwepo, koma zithunzi zambiri zomwe ndinaona ine zinali za tiana ta njovu tikusewera m'matope, osati za mayi wa ku Matabeleland ataima m'munda mouma. Ukaonera zimenezo uli ku London ungaganize chiyani za ife, si kuti ndife anthu ankhanza basi?

Kwathu ku Malawi ndi chimodzimodzi. Mu 2022 anasamutsa njovu 263 kuchoka ku Liwonde kupita nazo ku paki ya Kasungu, ndipo pa kanema zinali zokongola heavy, helikopita m'mwamba, njovu kuibaya jakisoni wa tulo, kireni n'kuinyamula miyendo m'mwamba mutu pansi kuiika pa lole. Zimenezo zimajambulika bwino. Chosajambulika bwino ndi zomwe zinadza pambuyo, anthu a m'malire mwa pakiyo, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, akudandaula za minda yothera usiku umodzi komanso za anthu ophedwa. Msuweni wanga wa mbali imeneyo amanditumizira mavoisi pa WhatsApp, wina ananena kuti "achimwene mukamabwera mutigulireko tochi yowala kwambiri ija, zitini taimba mpaka njovu zazolowera nyimbo yake." Ndinaseka koma si zoseketsa. Ndiyeneranso kunena kuti makanema a nyamawa si kuti ndi opanda ntchito, mu 2013 anthu atathira cyanide m'madzi ndi pa mchere ku Hwange njovu zambirimbiri n'kufa, phokoso lakunja linathandiza kuti nkhaniyo isakwiriridwe.

Tsono ndale. Apa ZBC ndiye katswiri, kulikulu kwawo ku Pockets Hill kuja amadziwa kuloza kamera. Msonkhano wa chipani cholamula amaujambula bwalo lonse, mbendera, azimayi akuvina, mphindi khumi zathunthu, otsutsa akatchulidwa ndiye kuti agawikana kapena wina wamangidwa. Amene munakulira pa MBC musadabwe, ndi mapasa. BBC aboma anaithamangitsa m'dziko muno mu 2001 n'kudzailolanso mu 2009, zaka zonsezo atolankhani ake amalankhula za Harare ali ku Johannesburg kapena kulowa mozemba ngati alendo odzaona malo, nchifukwa chake madishi anadzaza pa madenga m'malokeshoni muno, anthu kufuna kumva za dziko lawo lomwe kudzera ku South Africa.

Ndiye m'bandakucha wa pa 15 November 2017 tinadzutsana ndi mafoni kuti tsegulani ZBC. Pa sikirini pali msilikali, Major General Sibusiso Moyo, yunifolomu, mapepala m'manja, akutiuza kuti asilikali sanalande boma ayi, akungofuna zigawenga zomwe zazungulira apulezidenti. Akasinja ali mumsewu m'tauni koma pa TV akuti si kuu. Taganizani, anathamangira kukagwira situdiyo usiku womwewo, amadziwa bwino mphamvu ya kabokosi kameneka. Pa 19 tonse tinakhala pansi kudikira a Mugabe anene kuti ndatula, anawerenga mapepala awo n'kutsanzika osatula, anadzatula pa 21. Pa 1 August 2018 asilikali atawombera anthu m'tauni n'kupha 6, zambiri tinazionera pa mafoni ndi pa matchanelo akunja. Masiku ano kuli 3Ktv ndi ZTN Prime, matchanelo achuluka, koma kuti maso achuluka nawo ine ndikukayika.

Koma nkhani yomwe imandiwawa kwambiri ndi ya mafamu, chifukwa ndi yathu. Mu 2000 atayamba kulanda minda, TV zakunja zimaonetsa mzungu mwini famu, dzina lake, mkazi wake, agalu ake, nyumba yoswedwa mawindo. ZBC imaonetsa mawovete, aja anamenya nkhondo ya ufulu, akuimba, nthaka yabwerera kwa eni ake. Mbali zonse ziwiri zinali ndi chithunzi chake chokwanira. Nanga anthu a m'makomponi, amene amathyola fodya ndi kumusanja m'mashedi, ambiri mwa iwo ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia? Amaoneka kumbuyo uko atasenza mitolo, osafunsidwa. Ankolo anali mmodzi mwa iwo, anabadwira pa famu ku Mashonaland, bambo awo anabwera wapansi kuchokera ku Nyasaland kudzafuna ntchito. Famu itatengedwa ntchito inatha, nyumba inatha, munda sanapatsidwe poti amati si mwana wa nthaka ino, kumudzi koti abwerere kunalibe chifukwa ku Malawi anali asanapondeko chibadwire. Chitupa chawo chinali cholembedwa kuti alien, ndipo malamulo a unzika atasinthidwa mu 2001 anthu ngati iwo ambiri anataya mwayi wovota. Zinadzakonzedwa ndi konsititushoni ya 2013, yomwe inati wobadwira muno amene kholo lake ndi la dziko la mu SADC ndi nzika. Olo zimenezo ankolo sanazimvere pa nyuzi zawo za 8 koloko zija, anazimvera pa maliro ku Tafara, kwa mkulu wina wa bungwe la zamaliro amene anali atakasintha kale chitupa chake n'kumachionetsa kwa aliyense.