Mmene ndinayendera ndi wophunzira wanga wa PhD kuchokera pa pulopozo mpaka viva

Anzanga angapo amene angopatsidwa kumene ophunzira a PhD akhala akundifunsa kuti iwe unachita bwanji ndi uja wako mpaka kumaliza, ndiye m'malo moyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp ndangoti ndilembe kamodzi basi, aliyense atolepo zomwe zingamuthandize.

Usupavaiza palibe amene amakukhazika pansi kukuphunzitsa. Ukangotenga PhD yako, pakapita kanthawi a HOD, akulu a dipatimenti, akukuitana, akuti pali mayi awa akufuna kufufuza za kadyedwe ka amayi oyembekezera ku Mulanje, iweyo ndi amene uli pafupi ndi nkhaniyi, atenge. Nkhani yatha pompo. Ine mwayi wanga unali woti ndinakhalapo pa maphunziro a masupavaiza a CARTA, pulogalamu yophunzitsa ofufuza a mu Africa imene amaitsogolera a bungwe la kafukufuku la APHRC la ku Nairobi limodzi ndi yunivesite ya Wits ya ku Johannesburg, komanso supavaiza wachiwiri anali pulofesa wina wa ku Britain woti watulutsa ophunzira ambirimbiri, ndiye sindinali ndekha.

Tisanakambe n'komwe za sayansi tinayamba talemba mgwirizano, atatu tonse pa Zoom. Mayunivesite ena, monga UCT ku Cape Town, amachita kukakamiza kuti supavaiza ndi wophunzira asainirane MoU, pepala la mgwirizano, ife tinangotengera nzeru yomweyo. Tinalemba kuti tizikumana kamodzi pamwezi kaya pali zambiri kaya palibe, draft ikatumizidwa makomenti abwere pasanathe masabata atatu, minitsi ya miting'i azilemba ndi wophunzira n'kutitumizira pa imelo mawa lake, za masamu ndi sample size (chiwerengero cha anthu olowa mu kafukufuku) mawu omaliza ndi a pulofesa, za kumudzi ndi mabungwe a kuno ndi ine, ndiponso mayina pa mapepala adzayenda bwanji. Zimaoneka ngati zaukhuluku kulemba zimenezi tsiku loyamba anthu mukusekererana, koma chaka chachitatu aliyense atatopa m'pamene pepala limenelo limagwira ntchito. Masabata atatuwo ndi ngongole ya supavaiza, ndipo ndinawauza wophunzirawo kuti akadutsa andikumbutse mosaopa, chifukwa ambirife tikudziwa anthu amene chaputala chawo chinagona mu inbox ya munthu miyezi ndi miyezi iwo akuopa kufunsa.

Kenako kudula mutu. Mayiwa, wophunzira wangayo, anabwera ndi pulopozo yoti mkati mwake munali ma PhD atatu, kadyedwe, malungo, kupita mochedwa kusikelo, zonse maboma anayi. Sindinawasankhire, ndinangowapempha kuti funso lililonse alembe pambali pake kuti data yake adzaitenga kuti, kwa ndani, ndi ndalama zingati, miyezi ingati, ndiye atawerengera okha anabwera atatsala ndi boma limodzi ndi mafunso atatu.

Tsopano apa m'pamene pagona nkhani yonse kwa ine, ndipo anzathu a kunja samazimvetsa msanga. Mayiwa ndi nesi wa zaka zambiri pantchito, wamkulu kuposa ine, wolera ana akuluakulu, koma akalowa mu ofesi chilichonse chimene ndanena ndi "inde a Dokotala", pulofesa akayankhula pa Zoom ndiye kungogwedeza mutu n'kumalemba. Ulemu ndi wabwino, tinakula nawo tonse, koma PhD mapeto ake munthu amakaima yekha pamaso pa ma examiner kuteteza maganizo ake, imeneyo ndiyo viva, ndiye ngati zaka zinayi zonse wakhala akungovomera, tsiku limenelo adzayamba bwanji kutsutsa? Ndipo choopsa china, munthu wongovomera sungadziwe ngati wamva kapena sanamve. Ndiye ndinasintha kachitidwe ka miting'i, oyamba kuyankhula akhale iwowo, ife tikhale chete mpaka amalize. Makomenti athu azibweza mu tebulo la magawo atatu, zimene tanena, zimene achita, ndipo ngati sanachite alembe chifukwa chake. Gawo lachitatulo linakhala lopanda kanthu miyezi yambiri ndithu, ine ndikungofunsa miting'i iliyonse kuti zoona zonsezi mwagwirizana nazo?

Tsiku lina tikuona mafunso a kafukufuku, pulofesa anali atabweretsa ena amene anagwirapo ntchito ku dziko lina, limodzi likufunsa mayi woyembekezera ngati apongozi ake aakazi ndi amene amalamula zophika pakhomo. Mayiwa anakhala kaye chete, anakonza magalasi, kenako amvekere "Pepani a Prof, koma funso ili ku Mulanje silikagwira. Kwathu kuja ndi chikamwini, mwamuna ndi amene amabwera kwa mkazi, ndiye amene amayang'ana mphika ndi mayi ake a mtsikanayo kapena agogo ake, apongozi ali kutali." Pulofesa anangoti aha, n'kupempha kuti afotokoze bwino za mbumba ndi atsibweni, ndipo gawo lonselo la mafunso analilembanso mayiwa. Kuchokera tsiku limenelo tebulo lija linayamba kudzaza, nthawi zina mpaka ine kumadandaula chamumtima kuti koma ndinaziyamba dala kkk.

Za ethics, chilolezo chochitira kafukufuku pa anthu, sindichedwapo. Kafukufuku wa zaumoyo amadutsa ku makomiti ounika kafukufuku a COMREC kapena NHSRC, wa zachikhalidwe cha anthu ku komiti ya pansi pa NCST, bungwe la boma loona za sayansi, kapena ya yunivesite yanu, funsani msanga kuti wanu akupita kuti. Ntchito ya supavaiza ndi kuwerenga pepala lililonse lisanapite, makamaka fomu ya chilolezo ya m'Chichewa, muiwerenge mokweza muone ngati mayi wa kumudzi angaimve, chifukwa zambiri zimakhala Chingerezi chovala chitenje. Kalata ya a DHO itengedwe nthawi ilipo, mafumu ndi ma HSA adziwitsidwe. Chilolezo chimakhala ndi deti yothera, ndiye muilembe pa kalendala nonse awiri, osangosiyira wophunzira.

Data tinakonza zotenga kawiri, anthu atangokolola ndiponso nthawi ya njala nkhokwe zitauma, ndipo ulendo wachiwiriwo unagwera mu Febuluwale ndi Malichi 2023. Mukudziwa nokha zimene namondwe Freddy anachita ku Mulanje ndi Phalombe mwezi wa Malichi umenewo, milatho kukokoloka, midzi kukwiririka, amayi ena amene timawatsatira anapezeka ali m'makampu. Ndiye mayiwa anangoti zii. Miting'i yadutsa, minitsi kulibe, imelo osayankha. Supavaiza wotanganidwa apa amati bola, wandipatsa mpata ndichonge mayeso a ana, koma wophunzira wa PhD akakhala chete nthawi zambiri sikuti akulemba ayi, pali chimene chavuta ndipo akuchita manyazi kunena. Ndinaimba foni, osafunsa za data, kungofunsa kuti kunyumba kuli bwanji. Kunali abale awo amene nyumba zinagwa, onse ali pakhomo pawo, ndipo iwo mumtima anali ataweruza kale kuti PhD yatha poti sample yasokonekera.

Tinachita zinthu mwa dongosolo lake. Choyamba kulembera ofesi ya postgraduate kupempha kuimitsa kaye maphunziro mwalamulo, chifukwa mukangogwirizana pakamwa nthawi imapitirira kuwerengedwa ndipo fizi nayo siima. Kenako amendment ku komiti ya ethics yofotokoza kusintha kwa nthawi ndi malo, kenako kalata kwa opereka ndalama yopempha kuwonjezera miyezi popanda kuwonjezera ndalama. Makalata amenewa supavaiza uziyamba ndiwe kuwakankha, dzina lako limatsegula zitseko zimene wophunzira angagogode mwezi wathunthu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 bajeti ya mafuta ndi ma alawansi a otolera data inasokonekeranso, tinakhalanso pansi kuchotsa zina, koma ulendo uno anayamba kuimba foni ndi iwowo.

Kulemba ndiye kumene supavaiza amayesedwa. Draft yoyamba ya chaputala sindikhudza ma comma, ndimangoona ngati mfundo zikutsatana ndiponso ngati zimene akunena zikuchokeradi mu data, ndipo ndimalemba zinthu zikuluzikulu zitatu kapena zinayi zoti akonze, osati kufiiritsa tsamba lonse munthu mpaka kutaya mtima. Chiyeso chachikulu ndi track changes, kuja kokonza mawu mu fayilo ya wophunzira momwemo, umaona chiganizo chokhota dzanja n'kumayabwa kuti ndingolemba ndekha zithe. Ndimakonza ndime imodzi ngati chitsanzo, zotsalazo akonze okha. Munda ndi wawo, ine ndikhoza kuloza pamene pali nansongole koma khasu agwire mwini wake. Chinanso, ine ndi pulofesa tikasiyana maganizo timayamba takambirana patokha kenako n'kutumiza mawu amodzi, kapena kunena poyera kuti apa tasiyana, sankhani inu ndipo mupereke chifukwa. Kumusiya wophunzira pakati pa masupavaiza awiri okokana ndi nkhanza, amangosintha chaputala uku ndi uku chaka n'kutha.

Tizinthu ting'onoting'ono tonena tsiku loyamba, Zotero kapena Mendeley yosungira ma reference ayambe nayo pa pepala loyamba lomwe, data isungidwe malo awiri ndipo mayina a anthu asakhale mu fayilo imodzi ndi mayankho awo, Turnitin, yoona ngati munthu wakopera za ena, muidutsitse chaputala chilichonse osadikira kumapeto. Za ChatGPT tinakambirana poyera, ndinawauza kuti reference iliyonse ndikufuna aitsegule ndi maso awo chifukwa imatha kupeka mapepala oti kulibe.

Mapepala a mu journal ndiye pamene pamayambira udani m'madipatimenti. Ife tinatsata malamulo a ICMJE, komiti ya akonzi a ma journal a zachipatala, oti dzina lilowe munthu akhale kuti anathandiza kwenikweni pokonza kafukufuku kapena potola ndi kusanthula data, analemba nawo kapena kuunika mozama, wavomereza pepala lomaliza, ndipo ali wokonzeka kuyankha pa zimene zalembedwazo, zinayi zonse pamodzi. Dzina loyamba ndi la wophunzira, palibe zokambirana. Panapezeka bwana wina amene anangotibwereka galimoto koma akufuna dzina lake lilowe, mayiwa sakanatha kumukana poti mawa adzamufuna, ndiye ndinapita ndine kukamuuza mwaulemu kuti timuthokoza kumapeto kwa pepala. Sanasangalale, koma mkwiyo wake unagwera ine, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Samalaninso ndi ma journal aja amatumiza imelo yokutamandani n'kulonjeza kusindikiza sabata imodzi mukalipira, onani kaye ngati ili mu DOAJ kapena PubMed, nkhokwe za pa intaneti za ma journal ounikidwa. Malawi Medical Journal yathu yomweyi ili mu PubMed, osaiderera.

Thesis itakwana tinapereka mayina a external examiner oti sanalembepo pepala ndi ine kapena pulofesa posachedwa, ndipo ndinapewa kusankha mnzanga wofewa, munthu wodziwa nkhaniyo amene awerengedi ndi amene amapatsa digiri ulemu. Tinachita viva yoyeserera ndi anzanga awiri amene mayiwa sanawazolowere, ndinawapempha kuti asawanyengerere, afunse za sample imene inachepa chifukwa cha Freddy, afunse chifukwa chimene anasankhira njira iyi osati inayo. Funso la sample linawagwedeza, ndiye tinakonza kuti asabise, anene zimene zinachitika, zimene anachita, ndi malire a zimene angathe kunena kuchokera mu data yotsalayo. Pa viva yeniyeni funso lomwelo linabweradi, ine ndinali pampando wa kumbuyo wosaloledwa kutsegula pakamwa, ndipo pena examiner atanena zina zokhudza mabanja a kumudzi ndinamva mayiwa akumukonza mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo.

Anakhoza ndi zokonza zing'onozing'ono. Apa ambiri amatayirira, phwando lachitika, kuntchito ayamba kale kuwatchula Dokotala, zokonzazo n'kugona mpaka nthawi imene anapatsidwa kutsala pang'ono kutha. Tinaika deti sabata yomweyo, tebulo lomwe lija la makomenti, internal examiner anasaina, makope anapita ku laibulale. Pepala lachitatu likadali kwa ma reviewer, ndipo panopa andipempha kalata yowavomereza pa postdoc ina imene ikutseka Lachisanu, ndiye ndisiyire pomwepa ndikailembe.