Tabwerera panjira ku Cairn Gorm

Loweruka madzulo, Aviemore.

Ndikulemba zala zikunyerenyetsabe ndi kuzizira. Pamwamba pa phiri la Cairn Gorm, kuno ku Scotland, sitinafikepo lero, ndipo masana ndinali nditatupa nazo mtima.

Amene anandikoka ndi mayi wina wa kuntchito, mbadwa ya konkuno, yemwe anayamba kukwera mapiriwa ali mtsikana. Tisanamwe ndi tiyi yemwe, iwo anali kale pafoni kuwerenga lipoti la SAIS, bungwe lomwe nyengo yozizira limalengeza tsiku lililonse za kugumuka kwa chipale chofewa m'madera 6 a mapiri a Scotland. Ngoziyo amaiika m'magawo asanu, ndipo dera lathu la Northern Cairngorms lero linali pa gawo lachitatu, lomwe amati Considerable. Ine chamumtima ndinati, zitatu pa zisanu si pakati pomwe apa? Komanso phiri lake ndi la mamita 1,245 okha. Kwa mwana wa ku Mulanje, wokula akuyang'ana Sapitwa wa mamita 3,002, chimenechi ndi chulu.

Kunja kunacha bwino, thambo lili mbee. Titayandikira chigwa cha Coire an t-Sneachda mayi aja anaima pakamtunda kosaopsa, natulutsa fosholo m'chikwama n'kuyamba kukumba. Dzenje litafika m'chiuno anandiitana. "Tavula gulovuyo, ugwire apa." Pamwamba chipale chinali cholimba gwa, chogwirana ngati mkute. Koma nditatsitsa dzanja pang'ono, zala zinangolowa zokha m'kamzere kopyapyala kofumbutuka ngati shuga. Iwo anadula chibuma mbali zonse, n'kuchimenya pang'onopang'ono ndi chikhatho pamwamba pa fosholo. Sanamenye kambiri. Chibuma chonse chinangoti tsetserere, chathunthu, n'kudzagwera pa nsapato zanga.

Anandifotokozera kuti masiku awiri apitawa mphepo yakhala ikuwomba kuchokera kum'mwera chakumadzulo, ikusesa chipale uko n'kudzachiunjika pa zitsetse zoyang'ana kumpoto ndi kum'mawa. Njira imene ine ndinkaiumirira inali yodutsa pomwepo. Chipale chimakonda kugumuka pa malo opendekeka madigiri 30 mpaka 45, ndipo kawirikawiri amene chimawakwirira amakhala atachiputa okha ndi phazi lawo, kapena la mnzawo. Munthu akakwiririka, mphindi 15 zoyambirira ndizo za moyo. Zikadutsa osamufukula, mwayi umatsika msanga. N'chifukwa chake aliyense wa ife anali atamangirira transceiver pachifuwa, kamakina kothandiza kupeza pomwe mnzako wakwiririka.

Ndinayesabe kutsutsa. Tayenda maola awiri, tchuthi changa ndi cha lero lokha, ndiye tibwerere chifukwa cha kamzere ka shuga? Sanakangane nane. Anangoloza chakumadzulo n'kutchula Chalamain Gap, kampata kakang'ono komwe mu February 2013 chipale chinapha anthu atatu. Si patali ndi pomwe tinaima, ndipo si pamwamba penipeni pa phiri ayi.

Apo ndinakhala chete, chifukwa maganizo anathawira ku Chilobwe, matope a Freddy atatsika m'phiri la Soche mu 2023. Kwathu timadziwa kuti phiri limayenda. Kungoti napolo amabwera ndi mvula ya masiku, mitsinje itadzaza, aliyense mtima uli m'mwamba. Uyu wa kuno amagona phee dzuwa likuwala, ndipo umamuponda ukujambula zithunzi.

Potembenuka ndinaponda pambali pa mapazi athu akale, pakachitsetse kakafupi ngati khonde. Mng'alu unathamanga kuchokera pansi pa nsapato yanga mpaka mikono ingapo kutsogolo. Palibe chinagwa, koma miyendo inazizira kuposa zala. Mayi aja anandiyang'ana, osanena kanthu, ndipo ndikuwathokoza chifukwa chosanenacho.

Tinatsikira ku nyanja ya Loch Morlich, tinamwa supu wotentha, ine manyazi ali tho. Madzulo ano ndaimbira amayi kumudzi. Mawu oti ndiwafotokozere anandisowa, ndiye ndangoti kuno kuli napolo wa chipale. Anakhala kaye duu, kenaka anati, "Nanga iwe umakafunako chiyani kumeneko? Kuli nkhuni?"

Nsapato ndaziika pafupi ndi hita, mawa ndikulowa 7 koloko m'mawa.