Chilumba chimatsekedwa bwanji?

Sabata ino mutu wa kusukulu wa chiletso cha malonda chimene dziko la America linaika pa Cuba wandisowetsa tulo. Ndinauyamba ndi maganizo a mwana wa pa Lizulu, pomwe msewu wa M1 ndiwo malire: tsidya lino Malawi, tsidya ilo Mozambique. Ife timadziwa kuwawa kodutsira pakhomo pa mnzako. Agogo amasimbabe za m'ma 1980, nkhondo itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, feteleza ndi mafuta n'kumazungulira ku Durban. Ndiye ndinkati chilumba, madzi mbali zonse, angachitsekere njira ndani?

Cuba ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 145 kuchokera ku Florida. Fidel Castro atalanda boma mu 1959, n'kutenga makampani a anthu a ku America, dziko la America linasiya kugula shuga wa ku Cuba mu 1960. Mu February 1962 pulezidenti Kennedy analetsa malonda pafupifupi onse. Kwa zaka 30 Cuba inapumira m'manja mwa Soviet Union, yomwe inkatenga shuga n'kumapereka mafuta. Soviet Union itagwa mu 1991, mathirakitala anaima, alimi anabwerera ku ng'ombe zapagoli, anthu a mu Havana n'kuyamba kupalasa njinga zochokera ku China.

Pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa lamulo la America la 1992 lotchedwa Torricelli. Linati sitima yapamadzi imene yakachita malonda ku Cuba isakocheze pa doko la America kwa masiku 180. Ndinaganiza za mwini lole wonyamula mbatata ya kachewere ku Tsangano. Mutamuuza kuti akangogulitsa thumba limodzi pamudzi wakutiwakuti, miyezi isanu ndi umodzi asaonekenso pamsika wa Lilongwe, pamudzipo adzapondaponso? Palibe wamanga mpanda, koma njira yafa. Lamulo la Helms-Burton la 1996 linaopsezanso makampani a mayiko ena, ndipo mabanki akuluakulu amaopa kukhudza ndalama za Cuba, makamaka Trump ataibwezera pamndandanda wa mayiko othandiza uchigawenga mu January 2021.

Mnzanga amene timawerengera limodzi anandikumbutsa za kwathu. Mu 1992 mayiko opereka thandizo anaimitsa chithandizo ku Malawi, ndipo mu June 1993 tinavota pa referendamu. Iye akuti izi zikusonyeza kuti kufinya boma kumathandiza. Ine ndinamuyankha kuti kuno kunatenga chaka chimodzi, pamene ku Cuba zaka zapitirira 60 chipani chili chomwecho. Amene amagona mumdima magetsi atazima chilumba chonse mu October 2024 sanali nduna ayi.

Sindikuyeretsa boma la Cuba. Linamanga anthu ambiri amene anachita zionetsero mu July 2021, ndipo kuyendetsa kwake chuma kuli ndi zolakwika zakezake. Chiletsocho chimangolipatsa pobisalira: chilichonse chikavuta, chala chimaloza ku Washington.

Funso la mayeso likuti ndifotokoze ngati chiletsochi chinakwaniritsa cholinga chake. Ndalemba masamba awiri, ndipo ndime ya sitima zija ndiyo yatalika kuposa zonse. Mawa ndiidule, chifukwa aphunzitsi anati tisapyole tsamba limodzi ndi theka.