Zikomo Madala, dzanja lija labwerera

Ndangofika kumene, jekete sindinavule nkomwe, zala zikunjenjemerabe koma ndati ndisagone ndisanalembe izi. Recital ija, konsati yanga ya piyano, yatheka abale. Ola lathunthu pa piyano pamaso pa anthu kuno ku Cape Town, ndipo mbali yachiwiri ndayimba ndi manja onse awiri. Ambuye ndinu wabwino, ndilibe mawu ena.

Nkhani yonse sindibwereza, ambiri mukuidziwa. Mitsempha ya dzanja lamanja inatupa chifukwa chokhala pa makiyi maola 8 tsiku lililonse, adokotala anati ndisalikakamizenso, ngakhale kapu ya tiyi ndinkanyamula ndi lamanzere. Miyezi 14. Ndalama zinatha, chipinda cha ku Rondebosch ndinasamukamo, piyano yoti ndikhudze ndinalibe.

Ndiye pali Madala. Dzina sinditchula chifukwa sakonda zimenezo, koma ndi alonda a pa tchalitchi china pafupi ndi pomwe ndimakhala, akwathu a ku Nkhata Bay. Anandimva ndikulira pa foni m'Chichewa pageti pawo, mawa lake anakapempha okha kwa abusa kuti ndizilowa mu holo 5 koloko m'mawa shifiti yawo isanathe. Piyano yake yakalekale, kiyi imodzi ya kumunsi imamatirira mpaka uikweze ndi chikhadabo, koma kwa ine inali ngati piyano yapamwamba ya Steinway. Mu July kuno kumazizira koopsa, mvula ili wawawa, iwo akubwera ndi fulasiki ya tiyi ndi buledi nkukakhala pa benchi yakumbuyo tochi ili m'manja.

Aphunzitsi anga ndi amene anandipatsa Chaconne, nyimbo ya Bach imene wopeka nyimbo wina, Brahms, anaikonza kuti iziyimbidwa ndi dzanja lamanzere lokha. Brahms anaitumiza kwa mnzake woyimba piyano, Clara Schumann, mu 1877, ndipo inamupeza atangopweteka dzanja lamanja. Pafupifupi mphindi 15 dzanja limodzi, chala chachikulu ndi chimene chimanyamula nyimbo pamwamba zinazo zikugwira pansi, phewa limachita kuwotcha. Nditawafotokozera Madala nkhani imeneyi anangoti, "ndiye ena zinawagwerapo kale, iwe ukulira chani mwana wanga, yamba." Ndipo ndikayesa kuzembetsa lamanja kuti likhudzeko pang'ono, ankagogoda tochi pa benchi, "dzanja ilo m'thumba!" Munthu sadziwa noti ngakhale imodzi koma ankamva ndikalakwitsa, amvekere apo wathamanga, bwereza. Ndipo nthawi zambiri amanena zoona.

Amayi ku Zomba zikomo chifukwa cha ma voice note a pemphero m'mamawa uliwonse, ena sindinkayankha koma onse ndinamvera. Aphunzitsi anga amene miyezi ina simunandilipiritse, a fiziyo amene munapirira kudandaula kwanga, Mulungu akubwezereni. Inu amene munkati ndingobwerera kumudzi ndizikayimba kiyibodi pa maukwati, ndi inu amene munkangowerenga mameseji anga osayankha koma lero mwayamba kale "timadziwa kuti uzapanga", ndakuonani. Zinandipweteka, sindinama.

Usiku uno ndinayamba ndi Chaconne yomweyo, lamanja lili phee pa ntchafu. Kenako nyimbo ya Beethoven, sonata Op. 110 ya mu 1821. Chakumapeto kwake pali malo amene iye analemba kuti nyimbo imveke yotopa, yodandaula, ngati munthu wotha mpweya, kenako chord imodzi (makiyi angapo okanikizidwa pamodzi) imabwerezedwa ikukulirakulira mpaka nyimbo ija kuyambanso kutsitsimuka pang'onopang'ono. Nditafika pamenepo misozi inatsekereza maso, makiyi sindinkawaona, zala zinangopeza njira zokha. Dzanja silinapweteke ngakhale pang'ono.

Madala anasinthana shifiti ndi mnzawo kuti abwere. Suti ya bulauni, mzere wachiwiri, anaomba m'manja pakati pa nyimbo pamene anthu amakhala chete, ena anatembenuka kuwayang'ana, ine mtima unangoti myaa. Titatuluka anagwira dzanja langa lamanja nkulitembenuza uku ndi uku ngati akuyang'ana khanda, nkuti "lachira ili." Sanadikire ngakhale chithunzi, anathamangira minibasi kuti akalowe ntchito ya usiku.

Madala, ndikudziwa mdzukulu wanu akuwerengerani izi. Mawa 5 koloko ndili pageti, fulasiki ndibweretsa ine.