Singano yofiira pa Nchalo

Lachinayi. Pofika 10 koloko malata a shedi yathu anali osakhudzika, ndipo ndi nthawi yomwe inatulukiranso galimoto ya Sienta ya madala aja onyamula anthu pakati pa Nchalo ndi Bangula. Sabata yatha anagunda mbuzi cha ku Ngabu, kondensa ya eyakoni (chipangizo cha kutsogolo kwa redieta chochotsa kutentha kwa gasi woziziritsa m'galimoto) inabooka, ine n'kuwaikira yatsopano.

"Mwanawe," anatero akupukuta thukuta ndi chipewa, "ndikathamanga mukuzizira bwino, koma ndikangoima pa siteji mkatimu ndi ng'anjo."

Mtima unandipweteka, pakuti ntchitoyo inali ya manja anga. Tinaikankhira pamthunzi kuti izizireko, kenako ndinamanga mageji oyezera pulesha ya gasi. Injini ili chozima masingano onse awiri anali cha pa 130 psi, ndipo ndi momwemo gasi wa mu eyakoni wa R134a amakhalira kukatentha madigiri 40, monga kumachitira kuchigwa kuno mu Okutobala. Nditayatsa eyakoni, singano yofiira, ya mbali ya pulesha yokwera, inauyamba ulendo: 250, 300, 350. Itadutsa 400 ndinangomva kuti tha, switchi ya pulesha yadula kompuresa, makina opopa gasi.

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa anati, "Abwana, gasi wachuluka, titulutseko pang'ono." Ambiri amatero ndithu, ndipo singano imatsikadi, koma vuto limatsala pomwepo, galimoto n'kupita ndi gasi woperewera. Ndinakana. Tsiku lomwe ndinaika kondensa lija ndinakoka mpweya ndi pampu kwa mphindi zoposa 30, chifukwa mpweya wamba ukatsalira m'mapaipi nawonso umakweza pulesha. Gasi ndinachita kuyeza pa sikelo molingana ndi magalamu olembedwa pansi pa boneti. Kumeneko ndinalibe nako chikaiko.

Ndinamutuma madzi a pa mjigo. Nditawaza pa kondensa, singano ija inagwa msangamsanga mpaka pa 200. Ndiye kuti gasi akuyenda bwino, chikusowa ndi mphepo yochotsa kutentha. Koma fani inali kuzungulira, phokoso lake likumveka bwinobwino! Ndinasuzumira pakati pa kondensa ndi redieta ngati mwalowa udzu kapena mapepala a shuga, munali mbee.

Apa ndinang'amba tsamba m'buku la malisiti n'kuliika kutsogolo kwa kondensa. Fani ikamakoka bwino, pepala limamatirira. Ili linauluka n'kukagwera pa nsapato zanga, ndipo mphepo yotentha ya ku injini inandiomba m'maondo. Fani ikuzungulira chobwerera.

Nditatsatira mawaya ndinapeza kuti pulagi palibe, pali tepi wakuda womata m'manja. Madala anakumbuka: mbuzi ija inathyolanso pulagi, ndiye wina anawalumikizira pamsewu pomwepo kuti afike kunyumba. Mawaya awiriwo anasinthana. Ine pomanga kondensa ndinangoona kuti fani ikuzungulira n'kukhutira, osafunsa kuti mphepo ikupita kuti. Komanso ndinayesa galimotoyo madzulo kutazizirako, ndiye geji sinandiwonetse kanthu. Ndinawauza zimenezi mosabisa.

Ndinabweza mawaya m'malo mwake, n'kuwotcherera bwino. Pepala linamatirira kuti phatha, singano yofiira inakhazikika cha pa 260, yabuluu, ya mbali ya pulesha yotsika, pa 45. Kwa dzuwa la masana ano, ndi bwino ndithu.

Madala anatulutsa ndalama, ine ndinawabwezera. Anakhala pa chiwongolero kanthawi, dzanja lili pa kabowo ka mphepo, kenako anati, "Mwanawe, apa ndiye zatheka." Ananyamuka kulowera ku siteji, mawindo onse ali chitsekere.