Mfuti ya aneba anga ndi bilu ya C-21

Usiku wina aneba anga, bambo wachikulire amene akhala akusaka agwape kuno ku Saskatchewan, m'dziko la Canada, kuyambira ali mnyamata, anatsegula kabati yawo yachitsulo ndi kundionetsa mfuti ya SKS imene malemu atate awo anawasiyira. Chogwirira chake chamtengo chinachita kusalala ndi thukuta la m'manja. Anandiuza motsitsa mawu kuti zimene aphungu a boma anafuna kuwonjezera mu Novembala 2022 mu bilu ya C-21, yokhwimitsa malamulo a mfuti, zikavomerezedwa, mfutiyi idzaletsedwa pamodzi ndi zina zambiri zimene zimadzilowetsera zokha chipolopolo china munthu akangowomba.

Sindinaiwale anthu 22 amene anaphedwa ndi chigawenga chonyamula mfuti ku Nova Scotia mu 2020, ndipo sindikukana kuti boma liyenera kuteteza miyoyo. Komabe nkhawa ya bambowa ndaimvetsa, pakuti ali ndi laisensi, mfuti yawo imakhala yokiyidwa, ndiponso lamulo loti isatenge zipolopolo zoposa zisanu lilipo kale. Chimene chinandiwawa ndi chakuti mndandanda wa mfuti zoti ziletsedwe unabwera mwadzidzidzi, alenje ndi eni nthaka amene amadyetsa mabanja awo nyama ya m'tchire asanafunsidwe mokwanira.